Maina Khumi ndi Limodzi Osachongedwa

Ntchito yanga yoyamba nditamaliza sukulu inali ya tsiku limodzi lokha: kukhala patebulo n'kumachonga maina a anthu olowa m'galimoto yojambula mapapo pofufuza khansa. Galimotoyo inaima pabwalo la fakitale yodula miyala, pomwe bambo anga agwira ntchito zaka makumi awiri. Ndinavala diresi yanga yobiriwira, poti mumtima ndinali nditamuona kale wojambulayo: mnyamata wamtali, wamaso ofatsa, wondifunsa dzina. Ndinapeza ali mayi wachikulire wamagalasi, ndipo sanandifunse kanthu.

Mndandanda unachokera ku ofesi, ndipo munali okhawo okhala ndi khadi la kampani: bwana, mlembi wawo, dalaivala wawo, anthu amene fumbi amangolionera pawindo. Bambo ndi anzawo a kumakina ndi aganyu. Amalembedwa mwatsopano miyezi itatu iliyonse, choncho khadi alibe. Komabe ndi iwo amene anayala mipando m'mawa, n'kuipukuta umodziumodzi, akutsokomolera m'chigongono kuti asasokoneze alendo. Chifuwa cha bambocho chinali chitatha miyezi isanu, ndipo kuchipatala chakwathu anangowapatsa mankhwala akumwa kawiri konse.

Pofika masana, maina khumi ndi limodzi anali osachongedwa, eni ake atapita ku msonkhano. Ndinathamangira kwa akapitawo a pafakitale kukawapemphera bambo ndi anzawo malowo. Anaseka, nati sukulu yandikwera m'mutu, lamulo silisintha chifukwa cha diresi yobiriwira. Sindinadikire kuti amalize. Ndinakagogoda pagalimoto n'kuwafotokozera mayi aja zonse, mawu akupunthwana m'kamwa. Anafunsa zaka zimene bambo akhala kumakina, kenako anavula magalasi.

"Makina anga sawerenga khadi, mwanawe. Amafuna dzina papepala, ndipo cholembera chili ndi iwe. Tinyamuka folo koloko."

Ndinawapeza bambo kuseri kwa shedi, ali mbuu kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anakana. Anati sangalowe m'galimoto ya anthu ndi fumbi lotere, angawadetsere zipangizo, mwina chaka chamawa adzabwere atasamba. Mnzawo wina, amene amamutcha Nyundo, anati mapapo a aganyu akajambulidwa pamatuluka chithunzi cha khoma la simenti. Onse anaseka, koma bambo ayi. Anandikokera pambali.

"Akandipeza nacho, mwezi wamawa sandilembanso. Mudzadya chiyani?"

Ndinawasiya ali chilili, n'kubwereranso kwa mayi aja kukafunsa komwe zotsatira zimapita. Anati zimapita kwa mwini chifuwa, osati ku ofesi. Ndinawapempha kuti akanene okha, poti mawu a mwana salemera. Anatsika ndi chovala chawo choyera, n'kuyenda m'fumbi mpaka kushedi. Anawauza bambo zomwezo, nawonjezera kuti akapeza nthenda ikadali yaing'ono, pamakhala pogwira.

Bambo anayang'ana manja awo nthawi yaitali. Kenako anayamba kuyenda. Pamasitepe a galimoto anavula majombo, nawaika bwinobwino pambali, n'kukwera ndi masokosi.

Akapitawo anabwera n'kuima kumbuyo kwanga. Anati ndisadzayembekezere kuitanidwanso ntchito pamalo pano. Ndinati ndamva, koma dzanja silinasiye kulemba maina a aganyu pamndandanda. Wotchi inkati pakadali ola limodzi ndi theka, ndipo anthu asanu ndi atatu anali atayamba kale kumasula zingwe za majombo awo.