Mfutso wa Fraser

Fraser anagwa kuchokera padenga la nyumba yathu ku Fereej Bin Omran, kuno kudziko la Aluya, Lachiwiri m'mawa, dzuwa litangoyamba kuluma. Tinkakhalamo alonda okhaokha a kampani imodzi, ndipo kiyi wa chitseko cha padengapo ndinali naye ndine, Wongani. Ndinachita kudulitsa mobisa, chifukwa kampani inaletsa kukwerako. M'mawa umenewo ndinamutsegulira ndine.

Zimene ankachita kumeneko tonse tinkazidziwa. Mkuluyu anadzala maungu m'zitini za penti kuseri kwa nyumba, n'kumathirira ndi madzi odontha m'makina oziziritsa chipinda. Akathyola nkhwani ankafutsa, n'kukayanika padenga pa masaka. Dzuwa la kuno silichedwa, tsiku limodzi mfutso wauma gwa. Koma tsikulo kunali chimphepo. Nditathamangira pamwamba ndinapeza saka limodzi litakola pa paipi kunja kwa kakhoma ka m'mphepete mwa denga, masamba ali mbwee, nsapato zake zili pambali, zondanda bwinobwino. Anavula kuti asaponde ndiwo.

Kapitawo wa kampani anafika apolisi asanabwere. Anayang'ana masamba aja, n'kuyang'ana ife.

"Chotsani zonsezi," anatero. "Akafunsa, simudziwa kanthu. Amene amakwera kuno, visa cancel, khalas, kwatha."

Ndinasesa ndine, ndi manja angawa. Masamba ndinawathira m'jumbo n'kuponya pansi pa bedi. Nsapato ndinaopa kuzigwira, ndiye zinatsala zokha padenga loyera mbee.

Wapolisi wofufuza anali bambo wamtali, waulemu, wa nkhope yotopa. Anatiitana mmodzimmodzi. Kodi Fraser anali wokhumudwa? Ndinafuna kuseka. Andilozere mmodzi m'nyumba muno amene amadzuka akuimba mluzu! Ankagona bwino? Anthu asanu ndi mmodzi chipinda chimodzi, wina akulowa ntchito wina akuweruka, tulo take titi? Ankadandaula za kwawo? Tsiku ndi tsiku, ngati ine ndemwe. Ndinkayankha zoona zokhazokha, koma yankho lililonse linkamukankhira Fraser kumphepete kwa denga lija.

Hashimu, mnzathu wa chipinda chimodzi, anawonjezera nkhuni pamoto osadziwa. Anati sabata yatha Fraser anamupatsa jekete. Anaiwala kunena kuti jeketelo linali litasiya kutseka pamimba pa mwini wake. Wapolisi uja analemba kuti womwalirayo anayamba kugawa katundu. Kenako anandionetsa chithunzi cha nsapato zija pafoni.

"Munthu woterereka savula nsapato kaye," anatero. "Chitseko anatsegula bwanji?"

Ndinati sindikudziwa. Kiyi anali m'thumba langa, akundiwotcha ntchafu. Papepala analemba kuti zikuoneka kuti anadzipha.

Nkhani yoipa sidikira ndege. Lachisanu masana anandiimbira Esnart, mkazi wa Fraser, ali ku Dowa.

"Alamu, akuluakulu a mpingo akuti sadzayimba," anatero. "Akuti bokosi likangofika, molunjika kumanda, popanda mwambo. Munthu wayimba besi m'kwaya zaka khumi ndi zinayi! Achibale ake akuti ndine ndinamusowetsa mtendere. Inu munali naye, tandiuzani, ndinamulakwira chiyani?"

Ndinapsa mtima, ndipo wompsera mtimayo ndinali ine ndemwe. Ndinakoka jumbo ija pansi pa bedi n'kuvala nsapato.

"Aise, ukupita kuti?" anafunsa Hashimu. "Contract yako yatsala one year. Ukufuna kudzi-cancel ndi pakamwa pako? Wafa wafa, wallah."

"Akanakhala iweyo, n'kukukwirira opanda swala, ukanati wafa wafa?"

Anangowerama. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, Hashimu amadziwa zimenezo.

Kupolisi anandidikiritsa mpaka Loweruka m'mawa, poti Lachisanu kuno maofesi ambiri sagwira ntchito. Nditalowa ndinaika kiyi patebulo, jumbo pambali pake, n'kufotokoza zonse: zitini za penti, mphepo, saka lokola pa paipi, tsache. Wapolisi uja anatapa masamba pang'ono, kununkhiza, n'kukwinya mphuno.

"Mumadya zimenezi?"

"Timadya, bwana. Kwathu ndiwo sitiponda ndi nsapato. Ndipo munthu wofuna kufa lero sayanika ndiwo za mwezi wamawa."

Anabweza masamba aja m'jumbo. Kenako anakalipa, ndipo sindikanamutsutsa. Bwanji sindinanene Lachiwiri lomwe lija? Ndikudziwa kuti kusesa pamalo pamene pafera munthu ndi mlandu? Ndinati ndikudziwa. Anandikhulupirira, ndinaona m'maso mwake. Analemba mapepala awiri athunthu, ine n'kusaina.

"Ndiye pepala lija musintha?" ndinafunsa.

Anapukusa mutu. Fayilo itsegulidwenso, kapitawo aitanidwe, dokotala amene anapima thupi aonenso n'kusaina, kenako ipite ku ofesi ina ikadindidwe. Masabata atatu, mwina anayi, inshallah. Koma thupi linali lonyamuka Lamlungu. Kampani imene imatenga miyezi iwiri kuti isinthe babu wakupsa m'bafa, za Fraser inathamanga nazo masiku anayi okha. Ndinapempha kakalata kokha, mizere iwiri, koti ndikatumize ku mpingo. Anati sangalembe kanthu kafukufuku asanathe. Ndinatuluka ndikutukwana chamumtima m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe.

Madzulo kapitawo anabwera ndi tikiti yanga. Sanakalipe n'komwe. Anati ndilongedze, ndege yanga ndi ya Lamlungu, yomweyo ya Fraser. Iye pansi ndi katundu, ine pampando.

Ndinamuimbira Esnart ndikulongedza. Ndinamuuza za mphepo ndi saka, ndinamuuzanso za tsache, osabisa. Analira kwa nthawi, kenako anafunsa chinthu chimodzi chokha.

"Pepala la boma likunena chiyani?"

"Lakale lomwe lija, alamu. Latsopano likubwera m'mbuyo."

"Maliro ndi Lachiwiri," anatero, n'kudula foni.

M'chikwama ndinachotsamo nsapato zanga zantchito kuti za Fraser, zimene apolisi anatibwezera, zikwane. Pamwamba ndinaika jumbo ya mfutso, theka lokha, poti lina linatsala kupolisi ngati umboni. Lachiwiri ndikaima pamaso pa akuluakulu a mpingo, iwo atagwira pepala la chidindo, ine nditagwira nkhwani zouma.