Tsiku Limene Gilbert Anakhala Pansi

Zaka khumi ndi zinayi Gilbert Kachingwe wakhala weta wonyamula thireyi pa loji ina ku Kande, ndipo sanagwetsepo ngakhale kasupuni. Koma mwana wake Pempho, wa Sitandade 4, anamufoola ndi funso limodzi lokha.

"Adadi, kodi inu mumakhalako pansi?"

Mwanayo anali atapita kulojiko kukasiya makiyi, n'kupeza alendo ndi ana awo ali gada pamipando, bambo ake ali chiimire pambali, manja kumbuyo. Mnzake amene anapita naye anakafalitsa kusukulu kuti bambo a Pempho mawondo awo sapindika. Zinamupweteka Gilbert, osati pang'ono. Analumbira kuti pa holide atenga banja lonse paulendo wa panyanja ngati umene alendo ake amauonetsa m'mafoni, ndipo Pempho adzamuona ndi maso ake atakhala pansi, wina akumutumikira.

Sitima ya mabwana kunalibe. Limene linalipo ndi boti lamatabwa lopita ku Usisya, lolembedwa m'mbali kuti Zonse ndi Nthawi. Munali malata, simenti, mbuzi zitatu, sofa yatsopano yopita kwa namwino wina, ndi anthu othithikana ngati usipa m'chigoba.

Vuto linayambira pa zovala. Malaya abwino Gilbert anali nawo amodzi, oyera aja, ndi katayi kakuda kapakhosi.

"Bambo a Pempho, mwavalatu za kuntchito," anatero mkazi wake Estere.

"Ndavala zabwino, mayi. Ku holide sapita ngati wokolola chinangwa."

Boti litangonyamuka, Gilbert anatulutsa thaulo n'kulipinda ngati bakha, monga amachitira pamabedi a alendo. Kenako anatulutsa thireyi, inde, anabwera nayo! Anathira thobwa m'makapu, n'kubaya kandimu pamlomo pa kapu iliyonse, n'kupatsa Estere, Pempho ndi mng'ono wake Fumbani.

"Timuwoneni, ada," anatero mkulu wina wa ku Usisya, mwini mbuzi zija, popereka moni wa kwawo. "Ine shuga wambiri."

Pakamwa pa Gilbert panafuna kunena kuti nayenso ndi wapaulendo. Koma dzanja, abale inu, dzanja linali litafika kale, ndipo msana unali utawerama.

Basi, zinathera pomwepo. Mayi wina anafuna madzi, wina anamupatsa khanda kuti aligwireko. Mpunga ndi nkhuku zimene Estere analawirira kuphika zinayenda boti lonse, munthu aliyense akuuzidwa kuti mudye bwino, bwana. M'busa wina wa mpingo anakhala pasofa ya namwino n'kudandaula kuti malata akumutsekera mapiri, Gilbert n'kusuntha malatawo. Ena ataona zimenezo anafunanso sofa, ndiye Gilbert anayamba kulemba mayina, munthu mphindi khumi, munthu mphindi khumi. M'busayo analembetsa kanayi.

"Bambo a Pempho, khalani pansi!"

"Ndikubwera, mayi, ndingomaliza tebulo ili." Tebulo lake linali thumba la simenti.

Atadutsa magombe angapo, mwera unayamba ndipo injini inatsokomola n'kuzima. Woyendetsa boti anaigwadira ndi sipanala. Anthu onse anatembenukira kwa wa katayi.

"Mafundewa achuluka! Tikufuna manijala!"

"Pepani kwambiri chifukwa cha mafundewa," anatero Gilbert, dzanja pachifuwa. "Ndawauza kale anzathu, akonza posachedwa."

Anapepesa chifukwa cha dzuwa. Anapepesa chifukwa mbuzi inadya chipewa cha m'busa, kenako anapepesa kwa mwini mbuzi chifukwa chipewacho chinali cha pulasitiki. Injini italira, anthu anamuombera m'manja iyeyo, woyendetsa uja n'kungolavula m'madzi.

Nthawi yonseyi Fumbani, wa zaka zisanu, anali asanadye. Anaona mmene akuluakulu akuchitira kuti apatsidwe chakudya. Ndiye anakweza kadzanja kake, n'kuliza zala.

"Weta!"

Anthu anaseka mpaka misozi. Gilbert anali atayankha kale kuti, "Bwana?" asanaone amene waitana. Ataona, anauma gwa, thireyi ili m'manja. Anayang'ana Pempho. Mtsikanayo sankaseka. Manyazi amene anamugwira Gilbert sanawamvepo chibadwire.

Pempho ananyamuka, kudumpha miyendo ya anthu, n'kulanda thireyi ija. Anapita pasofa.

"Abusa, nthawi yanu yatha. Pano pakhala alendo ochokera ku Kande."

M'busa anayang'ana nkhope ya mwanayo n'kusamukira pa simenti osatsutsa. Pempho anakoka bambo ake pamkono mpaka kuwakhazika. Gilbert anakhala kansonga kwenikweni, ngati sofayo ikutentha. Wina kumbuyo atafuula zofuna tiyi, anadzambatuka, koma Estere ananyamula mbuzi yaing'ono n'kumuika pamiyendo.

"Nyamukani tione," anatero mayiyo.

M'poto munatsala phazi limodzi la nkhuku ndi mpunga wopserera. Pempho anapatsa Fumbani mpungawo, phazi n'kuliika pambale, kandimu pambali. Anapasula bakha uja, kukoleka thaulo pamkono, n'kupereka mbaleyo mowerama.

"Mudye bwino, bwana."

Gilbert analuma phazilo. Linali lozizira, koma ayi ndithu, linakoma. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anaona mapiri a ku Usisya, anaona ndi nkhwazi ili pamwala. Anatembenuka kuti amuonetse Pempho.

Mwanayo anali chiimire pambali pa sofa, manja kumbuyo, maso pansi, kumwetulira kwa ulemu kuli pamilomo. Sanaphonye ngakhale pang'ono. Anali ataphunzira zonse tsiku limodzi lija anakasiya makiyi.

Gilbert anaika mbale ija pambali. Anavula katayi kaja, mbuzi n'kuyamba kukatafuna, iye osailetsa. Anasendera kumbali, kugwira mwana wake padzanja.

"Iwe ayi," anatero. "Iwe khala pansi."

Anakhala onse anayi pasofa ya namwino, mbuzi yachisanu. Munthu wa tiyi uja anaitana mpaka ku Usisya, koma palibe amene ananyamuka.