Ndevu za Filimu

A filimu atafika m'tauniyi aliyense anadya nawo, kupatula wometa. Nkhani yake inali ya akaidi a m'migodi akalekale, ndipo ojambula sanavutike kukalambitsa misewu: chitsekereni fakitale, tauni inali itakalamba yokha. Chinasowa ndi ndevu basi. Analengeza kuti mwamuna wofuna ganyu yoonekera m'filimu asakhudze lumo kapena lezala mpaka kujambula kuthe.

Wa hotela anagula firiji. Kalipentala analemba anthu ntchito. Wometa ankangokhala pakhomo, mashini ali pamwendo, kuonerera makasitomala ake akudutsa ngati tchire loyenda.

"Madala, mwaondatu!" anakuwa wa njinga yamoto. "Sungani ndevu mudye nafe!"

"Zimere pati, iwe?" anayankha wometa, akusisita chibwano chake chosalala ngati botolo.

Mwana wake wamkazi, wokhala kumzinda, anaimba foni. "Bambo, tsekani. Kwathu kuno chipinda chilipo, muzithirira maluwa. Loweruka ndibwera ndi galimoto."

Chipindacho ankachidziwa: cha kuseri, chosungiramo masutikesi, zenera lake loyang'ana khoma. Akalowamo sadzagwiranso mutu wa munthu.

Loweruka m'mawa anamasula galasi pakhoma, nalikulunga m'bulangete. Atamva phokoso panja anayesa kuti galimoto yafika. Koma anali mkazi wa wa njinga uja, atam'gwira mwamunayo pakolala.

"A filimu amaliza dzulo, makamera apakira. Ndichotsereni chinthuchi, madala. Mwana akamuona akulira, akuti m'nyumba mwalowa chilombo."

"Komatu amanena kuti mwina abwereza zina..." anayesa kuwiringula mwamunayo.

"Khala pansi, iwe!"

Wometa anasuzumira panja. Mzere unali utafika pa sitolo ya mankhwala: kalipentala, aphunzitsi opuma, wa hotela, aliyense akukanda tsaya. Analumikiza mashini, ndipo kulira kwake kunam'komera kuposa nyimbo.

Mwana wake anafika masana, tsitsi lili mbwee pansi, kufika m'akakolo.

"Lero chabwino," anatero. "Nanga mawa?"

"Tsitsi layamba kale kumera, mayi. Ndipotu tsopano m'matumba mwawo muli kanthu. Usaime pakhomo, tenga tsache."

Mwanayo anatuluka kukauza dalaivala kuti katundu palibe, azibwerera. Dalaivalayo anavula chipewa, nadzigwira m'mutu, n'kupita kukaima kumapeto kwa mzere.