Wojambula Wosajambulidwa

Ine Salome ndimagulitsa zam'mimba pafupi ndi machinjiyo a ku Vingunguti, kumene amaphera ng'ombe, ndipo nyama yoyamba kuvunda ndimaidziwa isananunkhe. Deogratias sindinamukonde chibwerere.

Anali mnyamata wa kuno ku Tanzania, wa nsapato zoyera, koma "muli bwanji, amayi" ankatchula ngati wobadwira kwathu ku Dedza. Anamuphunzitsa ndani? Masana aliwonse ankasonkhanitsa anyamata osenda zikopa kuseri kwa benchi langa.

"Mpeni ndi wanu, thukuta ndi lanu," ankatero. "Nanga bwanji machinjiyo ndi a ena? Tiwalande, akhale a ogwira ntchito!"

Zokoma kumva, eetu. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akamaliza ankati onse akweze zibakera, iye n'kuwajambula ndi foni. Kutsogolo nthawi zonse kunkaima mwana wanga Goodluck, wobadwira konkuno ku Mbagala koma wopanda pepala lililonse la dziko lino. Atagwidwa pa zandale akhoza kukatayidwa ku Malawi, kumene sadziwa ngakhale khomo la amalume ake. Ndinkachita mantha, sindibisa.

Lachisanu lina ndinapukuta manja pachitenje n'kumutsomphola Deogratias foniyo.

"Lero ndijambula ine. Kaime pakati pa anzako, mwana wanga."

Anaseka, koma sanasunthe.

"Amayi, nkhope yanga apolisi amaidziwa. Woima nane pachithunzi alowa m'mavuto."

"Ohoo! Nanga nkhope za ana a eni akewa ukupita nazo kuti?"

Anyamata anayamba kutsitsa zibakera mmodzimmodzi, ena n'kubwerera ku zikopa zawo. Deogratias anangoyang'ana nsapato zake. Mwina ankanena zoona, mwina ayi. Mpaka lero sindidziwa. Mumtima ndinati ndapambana.

Goodluck yekha ndiye sanachoke. Anabwera n'kundichotsa foni m'manja mwaulemu, ndi manja awiri, monga ndinamuphunzitsira. Masiku onse amandiyankha m'Chiswahili, koma apa anayesetsa Chichewa chake chopunduka chija kuti ndimve bwino.

"Amayi, inu mwabisala moyo wanu wonse. Mwapeza chiyani? Benchi ili?"

Anabweza foni kwa mwini wake, n'kukaima yekhayekha pakhoma, chibakera m'mwamba.

"Jambula," anatero.