Mango a Kunsonga

Nkhwangwa itagunda koyamba, Juliana anaganiza kuti wina akuwaza nkhuni kuseri kwa khitchini. Itagunda kachiwiri anadziwa kuti ayi. Nkhuni zouma zimalira mopepuka, koma iyi inkalowa mumtengo wamoyo, gu, gu, mpaka pansi pamene anakhalapo pankanjenjemera.

Anali pamphasa m'chipinda chochezera, miyendo chowongola, mpango wakuda kumutu. Dzulo lake ndi pamene anaika m'manda mwamuna wake Cyprian, ndipo mwambo unali woti mkazi wamasiye asatuluke panja kapena kukweza mawu kufikira abale a mwamuna atamumeta ndi kumumasula. Womulondera anali Towela, mlongo wake wa malemuyo, mayi wathupi lake amene anadzaza pakhomo ngati thumba la chimanga. Malata ankathetheka ndi dzuwa. Mvula inali itachedwa chaka chimenecho, moti m'nyumba munkangonunkha thukuta ndi utsi wa moto wa pamaliro.

Juliana anafunsa monong'ona kuti akutema chiyani. Towela anayankha osamuyang'ana kuti zimenezo n'za amuna.

Komatu Juliana anafunsa akudziwa kale. M'mawa muja, abale atakhala pabwalo, anamva kudzera pawindo Matthias, mng'ono wake wa Cyprian, akunena kuti mtengo wa mango umene mkulu wake anagwamo unamwa magazi ndipo suyenera kugonanso chiimire. Anawonjeza kuti mitengo ina yonse ya pakhomopo inachokera ku nthanga za womwewo, ndiye yonse n'chimodzimodzi. Akuluakulu anangotsokomola n'kumayang'ana nsapato zawo. Matthias ameneyu, munthu wokhala ku Silverest, wosakira anthu a ku Lusaka mapuloti, amene kumudzi ankangobwerako pakagwa maliro, lero ndiye anasanduka mwini mwambo. Zamanyazi!

Nkhani sinali magazi ayi. Malo a makolo kuno ku Chongwe alibe pepala. Anthu akakangana, akuluakulu amayenda m'malire n'kufunsa kuti anabzala mitengo iyi ndani, ndipo amene anabzala ndiye amakhala. Mango a Cyprian ndiwo anali mboni ya Juliana ndi ana ake. Akagwa onse, pamalopo pasanduka tchire la malemu atate awo a Matthias, ndipo wogula analipo kale. Pamaliro panabwera galimoto yoyera ya munthu wina dzina lake Sanford, amene Cyprian sankamudziwa n'komwe. M'malo mokhala pansi ndi olira, ankazungulira munda foni ili m'manja.

Gu, gu, gu. Tsopano nkhwangwa zinali ziwiri, zikulandizana. Matthias anali ataitana Eugene, wootcha makala wa kutsidya kwa msewu.

Juliana anatseka maso, koma zinangoipiraipira, chifukwa anayamba kuuona mtengowo. Chilimwe chikafika nyumba yamalata imasanduka uvuni, ndiye banja lonse linkasamukira pansi pake. Cyprian anakumba maenje a nsolo pamenepo. Mtsuko wa munkoyo ankaukwirira mpaka m'khosi pafupi ndi mizu, ndipo chakumwacho chinkazizira mpaka mano kuwawa. Wailesi ankaipachika pamsomali kuti amve mpira, koma usanafike ndi pakati pomwe ankakhala atagona, malaya atavula, akuliza mkonono, nkhuku zikumudumpha miyendo. Keziah, mwana wawo wamkazi, ankaluka tsitsi anzake, Juliana akusenda nshawa, nthambi zikugwetsa timasamba m'lichero. Sanali olemera, koma masana amenewo ankakoma. Cyprian sanali munthu wa mawu ambiri. Ngakhale pamene anayambana ndi Matthias zaka zapitazo, pa nkhani yomweyi yogulitsa malo, anangoti iyayi kamodzi n'kukatenga khasu. Kuyambira pamenepo awiriwo sanapatsanenso moni.

Kunja kunamveka njinga ikugwa. Anali Derrick, mwana woyamba wa Juliana, amene anapita kukabweza mabenchi kutchalitchi.

"Atate ang'ono, muchita chani?"

Matthias anamuyankha kuti mwana wa dzulo safunsa akulu. Derrick ananena kuti mtengowo anabzala ndi atate ake, ndipo aliyense wougwira ayambe wagwira iye. Panamveka mapazi, kenako kukokana, kenako phokoso limene Juliana sanalimvepo pa mwana wake chibadwire: mpini wa nkhwangwa ukugunda fupa. Azimayi kukhitchini anayamba kukuwa.

Juliana anaimirira.

"Mulamu, nichokereni pakhomo."

"Khalani pansi," anatero Towela. "Mukatuluka musanametedwe, mzimu wa mlongo wanga uzakutsatani mpaka kumanda."

Juliana anati mzimu umenewo anagona nawo bedi limodzi zaka zonsezi, sungamuopse lero. Anayesa kudutsa, koma Towela anamugwira chitenje n'kumuwomba mbama yoti khutu linalira. Apa ndi pamene Juliana zinamukwera. Mayi wa m'bungwe la amayi kutchalitchi, amene sanamenyepo ndi galu yemwe, anagwira mlamu wake m'tsitsi ndi manja awiri n'kumugunditsa mutu pafelemu ya chitseko. Towela anakhala pansi phwa, chitenje chija chili m'manja. Juliana anatuluka ndi diresi lokha, wopanda nsapato, mchenga ukumuwotcha kumapazi.

Dzuwa linamuthobwa m'maso. Ataona bwino, Derrick anali chagada m'maenje a nsolo, pakamwa pali psuu, dzino limodzi lili pafumbi. Matthias anali atamugwadira pachifuwa, akumukanikiza mpini pakhosi. Miyendo ya mnyamatayo inkapalasa pansi, maso atatuzuka. Amuna amene anadya mbuzi ya pamaliro dzulo lake anangoima chapatali, uyu akuti lekani, uyo akuti lekani, osasendera ndi mmodzi yemwe.

Moto wa pamaliro unali usanazime. Juliana anasolola chikuni chamoto n'kumumenya nacho Matthias pamsana ndi mphamvu zake zonse. Makala anamwazika, malaya oyera aja anapsa, fungo la nsalu ndi khungu linamveka. Matthias anabangula n'kugubudukira kumbali. Juliana anamumenyanso paphewa, n'kumumenyanso, ndipo akanapitiriza chikuni chikanapanda kuthyoka. Ankafuna kumupha. Sanadzibise zimenezo mumtima mwake, ankafunadi kumupha.

Pamenepo Eugene anakuwa kuti anthu athawe. Mtengo unali utadyedwa kale mbali zonse ziwiri, ndipo unayamba kulira mkati, pang'onopang'ono, ngati chitseko chakale. Juliana anakoka Derrick pamkono. Mtengo unapendekeka, unaima pang'ono ngati ukuganiza, kenako unagwa ndi mkokomo umene unamveka mpaka kumsewu. Khola la nkhuku linaphwanyika. Mango aawisi anagubuduka pabwalo ponse, fumbi linakwera, ndipo pamene panali mthunzi kwa zaka makumimakumi panatseguka thambo loyera loopsa.

Matthias anatuluka m'masamba akukwawa. Nthambi inali itamung'amba kuchokera pachipumi mpaka patsaya, magazi akutsikira m'kolala. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Iye anatola nkhwangwa n'kulunjika mtengo wachiwiri, uku akunena kuti lero lomwe pano pakhala poyera, aone amene amuletse.

Juliana anathamanga n'kukafika iye asanafike. Anatsamira thunthu ndi msana, manja atatambasula.

"Temani, mulamu. Muyambire pakhosi apa."

Matthias anakweza nkhwangwa, ndipo sanachite moopseza chabe. Inatsika n'kulowa m'thunthu pamwamba pa mutu wa Juliana, pafupi kwambiri moti inadula nsonga ya mpango. Zibanthu zinamugwera kumaso, utomoni unamudonthera pakhosi. Mantha anali nawo, asanamize munthu. Koma ankadziwa kuti akasuntha phazi limodzi, mawa lake iye ndi ana adzakhala pamsewu wa ku Lusaka ndi mapoto pamutu. Sanasunthe. Matthias anagwedeza nkhwangwa kuti aizule, anaizula, n'kuikwezanso.

"Bwana, bwerani muone! Mumtengo muno muli mankhwala!"

Anali Eugene. Anali atapita kunsonga kwa mtengo wogwa uja kukayamba kusadza nthambi, koma tsopano chikwanje anali atachitaya, akubwerera chambuyo, akupukuta manja pabuluku. Anati kunsonga kwenikweni kuli zithumwa zomangidwa ndi luzi, zambirimbiri, ndipo iye ntchito yotere sagwira ngakhale amupatse ng'ombe.

Mawu amenewo anayenda pabwalo ngati moto wa lupsa. Towela, atagwira chipumi chotupa, anatulukira pakhomo akukuwa kuti ananena iye, munthu wamkulu sangangogwa mumtengo popanda womukankha, mfiti ndi imeneyi yatuluka m'nyumba isanametedwe. Azimayi ena amene anagona ndi Juliana pamphasa masiku onse a maliro anayamba kumuyang'ana m'mbali. Wina kumbuyo anatola mwala. Matthias anatsitsa nkhwangwa, nkhope yamagazi ija ikumwetulira, n'kuuza anthu onse kuti abwere adzaone okha zimene mkulu wake ankakhala nazo m'nyumba.

Anapita onse, koma anaima patali. Zinalipodi. Pa nthambi zakunsonga, kumene munthu woima pansi sakanaona, panali timitolo tansalu tolendewera, tina tofiira, tina totuwa, tomangidwa bwinobwino.

Juliana atangoziona, anazizindikira. Anadutsa pakati pa anthu, analowa m'masamba mpaka m'chiuno, n'kugwira kamtolo koyamba. Azimayi anakuwa kuti asakhudze. Anamasula luzi. Inali sokosi yakale ya mpira ya Derrick, ndipo mkati mwake munali chipatso chachikulu chosalala, chopanda bala ndi limodzi lomwe.

Umu ndi mmene Cyprian ankachitira. Mango akunsonga ndi amene amapsa bwino, koma mileme ndi mbalame zimayambirira kuwalawa. Ndiye iye ankakwera mango asanapse, n'kusankhira munthu aliyense wa pakhomo chipatso chake, n'kuchikulunga m'kansalu ka mwini wakeyo kuti asasokoneze. Akapsa ankawatsitsa n'kungoika pambali pa mbale ya aliyense, osanena kanthu. Mawondo atayamba kumuvuta, Juliana anamuletsa, iye n'kulonjeza kuti wasiya. Kani ankanama, nkhalamba yosamva ija.

Anamasula kachiwiri: mkono wa yunifomu ya Keziah. Kachitatu kanali chidutswa cha chitenje chake iye mwini, chimene anachifunafuna mwezi wathunthu n'kunamizira mbuzi. Kena kanali mpango wachikasu. Juliana anaukweza m'mwamba kuti onse auone, ndipo Towela, amene anauiwala pakhomopo pa Isitala, anatseka pakamwa. Mwala uja unagwa pansi mwakachetechete.

Kunatsala kamodzi, kutali kwambiri, pa nthambi yopyapyala imene munthu wa msinkhu wa Cyprian sankayenera kuifika. Pansi pake panali pothyoka, osati pa lero ayi, pouma kale m'mbali. Juliana anapadziwa. Nthambi imene inathyoka pamenepo ndi imene anaipeza pambali pa mwamuna wake tsiku lija.

Nsalu yake inali yabuluu, yokhuthala, mkono wa ovololo. Juliana sanaizindikire msanga. Amene anaizindikira ndi Matthias. Inali ovololo imene ankavala akugwira ntchito ya ng'ombe zamkaka ku Palabana, imene anaisiya pachingwe tsiku limene anayambana ndi mkulu wake n'kuchoka osatsanzika. Luzi linali litazungulira kamodzi kokha. Mfundo inali isanamangidwe.

Matthias anayamba kunena kuti chaka chilichonse kondakitala wa minibasi ankamupatsira chipatso chimodzi m'pepala, osanena kuti chachokera kwa yani, ndipo iye sanafunsepo. Sanamalize. Juliana sanamumvere chisoni. Mwana wake anali apo akulavula magazi, mtengo unali pansi, ndipo mwamuna wake anafera chipatso cha munthu ameneyu. Zinamuwawa koposa imfa yomwe.

"Ni apa anagwera," anatero Juliana. "Anali kumanga yanu."

Anawerama n'kutenga nkhwangwa m'dzanja la Matthias. Zala zinangomasuka zokha. Anaipereka kwa Derrick, ndipo Eugene, ataona zimenezo, ananyamula yake paphewa n'kulowera kumsewu osafunsa za malipiro.

Matthias anagwada m'masamba ofota. Magazi ankadonthera pansalu yabuluu ija. Anakokera mkono wa ovololo kuti uphimbe bwino chipatsocho, anagwira nsonga ziwiri za luzi, n'kuyamba kumaliza mfundo ya mkulu wake.