Singano ya Fupa M'thumba la Mlendo

Mphepo inkawomba ngati ikufuna kuzula chilumba chonse pamene Thora Linklater anaona mayi wa jekete yofiira atatsalira m'mbuyo. Alendo anzake anali atapitirira kukaona nyumba zina za mudzi wamakedzana womwe unafukulidwa pachilumbapo, koma mayiyo anagwada pafupi ndi bedi lamiyala, n'kutulutsa kanthu m'thumba, n'kukabwezamonso msanga.

Thora anali atayang'anira mudziwo zaka khumi ndi zitatu. Ankadziwa kuti dzanja likathamangira m'thumba, pali nkhani.

"Mayi, tandionetsani mwabisacho."

Mlendoyo anatambasula dzanja. Inali singano ya fupa, yachikasu, yosalala.

"Sindinabe, chonde. Ndimangofuna kuona ngati anthu ake ankagona pano. Andigulitsa ndi bambo a boti aja. Akuti anasema okha, koma ine ndikuiona ngati yakalekale."

Bambo a botiwo anali Erlend, mwamuna wa mng'ono wake wa Thora, mlimi wa nkhosa amene ankawolotsanso alendo. Thora anatembenuza singanoyo. Bowo lake linali lotha mbali imodzi, ngati la chinthu chomwe chinasokapo zikopa zambirimbiri. Anaipempha, n'kutsetserekera kudoko.

Anamupeza Erlend akukulunga chingwe.

"Mlamu, nkhope imeneyo bwanji? Mizimu yanu yakana tiyi lero?"

"Munayamba liti kusema, alamu? Inu amene mumalephera kusongola pensulo?"

Erlend anaseka, koma maso ake anathawira kunyanja.

"Ndi fupa la nkhosa yanga limenelo. Ndimaliviika mu tiyi masiku atatu, alendo n'kumati lakalekale."

"Ndionetseni mpeni wake."

"Uli kunyumba."

"Tiyeni konko."

Sanakafike kunyumbako. Njira inkadutsa m'mphepete mwa busa la Erlend, pomwe mkuntho wa mwezi watha unagumula gombe. Thora anaona lona yatsopano itayalidwa pamenepo, yopsinjidwa ndi matayala. Erlend anafulumiza mwendo, akukamba za mtengo wa ubweya. Thora anapatuka n'kuvundukula lonayo. Pansi pake panali khoma la miyala yosanjidwa bwino, ndi khomo lalifupi lomwe munthu angalowe chokwawa.

Erlend anavula chipewa, n'kuchivalanso.

"Mukangowauza ofukula zakale aja, atchinga busa lonseli ndi waya. Nkhosa makumi asanu ndi atatu zikadya kuti? Mng'ono wanu Freya adya miyala? Chibale n'fupa, mlamu, sichiola."

"Nalonso fupa mwagulitsali silinaole. Mwalitola pano, ndipo linali ndi mwini wake. Mwagulitsa zingati?"

"Zinayi."

"Alamu!"

"Chabwino, zisanu ndi ziwiri."

Thora anayang'ana mafunde. Anali akunyambita kale miyala ya m'munsi. Mkuntho wina umodzi, khomalo likanapita, busalo n'kulitsatira. Anaganizanso za Freya, amene mwina sakanadzamulankhulanso mpaka kumanda.

"Munda wanga wakumtunda uja wangokhala," anatero. "Nkhosa zanu zikadye kumeneko. Koma foni kwa ofukula zakalewo iimbidwa lero. Mukaimba nokha, ndinu munthu amene watulukira mudzi. Ndikaimba ine, ndinu wakuba."

Anamupatsa foni yake. Erlend anaiyang'ana nthawi yaitali, nkhosa zikulira kumbuyo kwake.

"Nanga za zisanu ndi ziwiri zija ndinene chiyani?"

"Mwandiuza ine, pakamwa sipanapsye. Auzeninso iwowo."

Erlend anapukuta dzanja pa thalauza, n'kufunsa nambala.