Msonkhano wa Pazenera la Mayi Tsurumi

Ndayendetsa galimoto ya kampeni ya a Kuramochi kuyambira chisankho chawo choyamba, pomwe ankafuna umeya wa mzinda wathu wa Kasugaura. Anakhala meya, kenaka bwanamkubwa wa chigawo chonse, ndipo chaka chimenecho ankapempha anthu kuti awabwezerenso pampando. Mkazi wanga ali moyo, ndiye ankakhala kumbuyo atavala magolovesi oyera, n'kumatchula dzina lawo pachimkuzamawu. Tsopano ntchitoyo inali m'manja mwa ena. Ine changa chinali chiwongolero.

Kutatsala pang'ono kuti anthu aponye voti, Sachie, mpongozi wa mayi Tsurumi, anandiimbira foni. Anati adokotala awabweza mayiwo kunyumba, kuchipatala kulibenso chochita. Anati akungofunsa za Shige.

Mayi Tsurumi ankagulitsa tofu, chakudya chopangidwa kuchokera ku soya, mumsewu wa kumsika. Ofesi yoyamba ya a Kuramochi inali kachipinda ka kuseri kwa sitolo yawo, ndipo ndi iwo amene anauza azimayi a kumsika kuti mnyamata woondayu ayesedwe. M'chigawo chonse, iwo okha ndi amene ankatcha bwanamkubwa kuti Shige.

Ndinawauza bwana m'mawa tikunyamuka. Asanayankhe, a Hayasaka, mayi woyendetsa kampeni, anatseka foni yawo.

"Sizingatheke. Lamulo mukulidziwa, a Inomata. Wopikisana salowa m'nyumba za anthu nthawi ya kampeni."

"Akukaona wodwala," ndinatero.

"Zimenezo tikudziwa ndi inu ndi ine. Nanga atolankhani akutitsatirawa? Angowajambula bwana akuvula nsapato pakhomo pa munthu, lamba wolembedwa dzina lawo ali paphewa, mawa tikadzuka tili kupolisi. Adzapita tikavota."

"Mayiwo safika tsikulo."

Bwana anayang'ana panja. "Tiyeni, a Inomata. Asodzi akutidikira kudoko."

Njira ya kudoko ndi ya m'mbali mwa mtsinje. Ine ndinadzera kumsika. Nditafika pasitolo yotseka ija ndinaima, ndinazimitsa injini, makiyi ndinaika m'thumba.

"Yawonongeka?" anafunsa a Hayasaka.

"Ayi."

"Ndiye?"

Galimoto ya atolankhani inaima kumbuyo kwathu.

"Bwana, auzeni bambo awa," anatero a Hayasaka. " Ngati atopa ndi ntchito, oyendetsa galimoto ndi ambiri."

"Muwauze ndinu," anatero bwana. "Ine ndayesa zaka zonsezi, samva."

Anayang'ana chitseko cha nyumba ya mayi Tsurumi, yomwe inali pasitolo pomwepo. Kenaka anawongola lamba paphewa.

"Msewu si nyumba ya munthu. Tsitsani mbendera ndi bokosi. Ndichita msonkhano pano."

"Msonkhano wa ndani? Mumsewu muno mulibe munthu."

"Mmodzi alipo."

Ndinaimika mbendera ya ofesi ya chisankho, imene imaloleza wopikisana kuyankhula pamsewu. Bokosi la malalanje ndinaliika moyang'anizana ndi zenera la chipinda chapansi. Bwana anakwera. Sachie anali atamva kale galimoto. Anakankhira zenera pambali, n'kuwadzutsa mayiwo ndi mapilo. Anali atachepa kwambiri, koma tsitsi linali lopesa.

"Anthu a ku Kasugaura," anayamba bwana pachimkuzamawu.

Milomo ya mayi Tsurumi inagwedezeka. Sachie anawerama kuti amve, kenaka anadzutsa mutu.

"Akuti muzimitse chinthucho. Akudwala mapapo, osati makutu."

Bwana anandipatsa chimkuzamawu. Anayambanso ndi mawu awo okha. Ananena za nyumba za okalamba zimene boma lawo lamanga, ndi za khoma lotchinga mafunde kunyanja.

"Akuti mwanenepa," anatero Sachie.

"Ndi zakudya za m'mahotela, mayi. Tofu wabwino anasowa."

"Akuti bodza munali nalo kale, koma kale munkachita manyazi."

Wogulitsa nsomba woyandikana nawo, amene anali atatuluka ndi mpeni m'manja, anaseka. Atolankhani nawo anasendera pafupi.

"Akufunsa kuti mabasi a kumtunda munawachotseranji. Akuti anzawo akulephera kutsika kudzawaona."

Yankho la funso limeneli ndinali nditalimva pamisonkhano yambiri. Linali lalitali, lonena za kuchepa kwa okwera ndi kukwera kwa mafuta. Bwana analiyamba, n'kulisiyira panjira.

"Pamenepo ndinalakwitsa, mayi. Ndinamvera anthu amene sanakwerepo basi."

A Hayasaka anatseka maso. Atolankhani ankalemba.

Mayi Tsurumi anakankha dzanja la Sachie pang'onopang'ono. Anafuna kuyankhula okha.

"Shige. Ima bwino, ndikuone."

Bwana anaika manja m'mbali n'kuwongoka. Munthu wa imvi, atakwera pabokosi la malalanje pakati pa msewu. Mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Eya," anatero. "Voti yanga usaiwerengere. Ndili ndi ulendo."

"Ndikudziwa, mayi."

"Ndiye pita. Anthu akukudikira."

Bwana anatsika pabokosi. Anayenda mpaka pomwe phula limathera, anaima pomwepo osaponda mwala wa pakhomo, n'kuwerama kwambiri. Sanaweramuke mpaka Sachie atatseka zenera.

M'galimoto a Hayasaka anayamba kuimba mafoni, kukonzekera zomwe manyuzipepala alembe za mabasi. Mawu awo anali otsika. Pakati pa foni ina ndi inzake anandipatsa botolo la tiyi osandiyang'ana.

"A Inomata," anatero bwana tikuwoloka mlatho, "mukadzachitanso zimenezi ndidzakuchotsani ntchito."

"Chabwino, bwana."

Kudoko tinafika mochedwa. Asodzi ena anali atabwerera kale kumabwato awo, ndipo bwana anayankhula kwa amene anatsala.

Mayi Tsurumi anamwalira voti isanaponyedwe. Sachie anandiuza kuti zenera lija litatsekedwa, sanafunsenso za Shige. Anangopempha madzi, n'kugona.